Lipoti la nkhani: mwana wa miyezi 16 wotsegula mmimba, makina a PCR anatipatsa mayina anayi

Nkhaniyi ndi ya mu January 2023, nthawi imene kolera inali itafika povuta ku Blantyre kuno, mukumbuka mpaka masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulira. Mliri uja unayambira ku Machinga mu March 2022 ndipo pomatha unali utagwira anthu oposa 59,000 nkupha oposa 1,700, ndiye masiku amenewo mwana aliyense wobwera ndi chimbudzi chamadzi tonse mutu umathamangira ku kolera basi, zina tinali titaziyiwala kaye. Ndikulembera anzanga a mmawodi a ana komanso ophunzira, dzina la mwana ndi la chipatala sindilemba, amayi ake anavomera kuti nkhaniyi ndiyigwiritse ntchito pophunzitsa.

Mmene anabwerera

Mwana wamwamuna, miyezi 16, akuyamwabe. Amayi ake anati wakhala akutsegula mmimba masiku 6, ka 7 kapena ka 8 patsiku, chamadzi, thupi kutentha kuyambira tsiku lachiwiri, kusanza kunali koyambirira kokha kenako kunasiya. Ndinafunsa za magazi mchimbudzi, iwo anati ayi adokotala magazi sindinawaone, ndi madzi okhaokha ndi tinthu tonanda ngati mamina. Poyamba kunyumba amati ndi mano akumera, agogo ake ndi amene ananena, ndiye anadikira masiku atatu asanapite kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kumeneko anapatsidwa Thanzi ORS, zinc ndi bactrim wamadzi. Anamwa bactrim masiku atatu osasintha kanthu.

Mbuku lake la kusikelo akatemera onse anali mmalo, wa rota onse awiri, wa pa masabata 6 ndi wa pa masabata 10. Amayi alibe HIV, tinayezanso tsiku lomwelo kutsimikiza. Madzi amatunga pa kiyosiki koma akasiya kutuluka amapita pachitsime, chimbudzi ndi chokumba chogwiritsa ntchito mabanja anayi.

Pomuyeza: sikelo 8.1 kg, MUAC (muyezo wa kukula kwa mkono) 11.9 cm kutanthauza kunyentchera kwapakatikati, mapazi osatupa, kutentha 38.9. Maso olowa, wolira lira, ukamupatsa kapu amamwa mwaphuma, khungu la pamimba ukatsina limabwerera pang'onopang'ono koma osapitirira masekondi awiri. Manja ofunda, mtima ukugunda mwachangu koma bwinobwino. Mimba yofewa. mRDT ya malungo sinaonetse kanthu, shuga 4.6, chifuwa chabwino. Kachipangizo kachangu koyezera kolera kanatulutsa mzere umodzi, ndiponso chimbudzi chake sichinali cha madzi a mpunga chija, chinali chobiriwira, chochepa chochepa.

Tinamuyika pa Plan B, njira yobwezera madzi mthupi pomumwetsa ORS, 75 ml pa kilo, ndiye pafupifupi 600 ml ya ORS mmaola 4, kuyamwa osasiya, zinc 20 mg patsiku kupitiriza. Bactrim ndinamuyimitsa. Buku la malangizo a chithandizo limanena momveka, chimbudzi chamadzi chopanda magazi, si kolera, mwana sali mgulu la onyentchera kwambiri, maantibayotiki ayi. Ine ndinatsatira buku ndipo mpaka pano sindikuona kuti pamenepo ndinalakwa.

Chimbudzi tinatumiza ku labu tsiku lomwelo. Pa maikulosikopu anaona maselo oyera ambirimbiri, ma pus cells aja, mazira a njoka ayi, ma cyst ayi. Culture, kuja komeretsa mabakiteriya a mchimbudzi pa mbale ku labu, inabwera patatha masiku atatu, palibe Salmonella kapena Shigella (bakiteriya woyambitsa kamwazi) wamera.

Masiku atatu mu wodi

Madzi mthupi anabwerera tsiku loyamba lomwelo koma mwana osachira. Kutentha kumasewera pakati pa 38.5 ndi 39, chimbudzi ka 9 ka 10 patsiku, chakudya akukana, bere lokha ndi limene amalandira. Asista a usiku ndi amene anandiuza kanthu kofunika, anati adokotala mwana uja akafuna kuchita chimbudzi amalira nkumakankha ngati wadzimbidwa koma chotuluka ndi kasupuni kamodzi ka zonanda, thewera silidzadza. Tsiku lachitatu sikelo inali 7.8 kg. Apa tinali pa tsiku la 9 la matenda, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi ana amadziwa kuti ukafika masiku 14 nkhani yasintha, matumbo aphwanyika, mwana amalowa mkunyentchera kwenikweni ndipo kumutulutsamo ndi ntchito ya miyezi.

Culture yosamera ija sindinayikhulupirire. Shigella ndi wofooka akangotuluka mthupi, chimbudzi chikakhala pa benchi maola angapo osachiyika mu Cary Blair, mankhwala osungira tizilombo popita ku labu, amafa, ndipo chathu chinatengedwa mmawa nkukafika pa mbale masana, kuonjezera apo mwana anali atamwa bactrim masiku atatu, mankhwala amene mwina sangachize koma angathe kulepheretsa kumera pa mbale. Ndiye pepala likalemba kuti palibe chamera sikuti mmimba mulibe kanthu.

Mwayi unali woti labu ya kafukufuku imene timagwira nayo ntchito inali ndi makina a PCR otchedwa BioFire FilmArray ndi makatiriji ochepa a chimbudzi. Ndinakambirana ndi akuluakulu a kumeneko, tinawafotokozera amayi, anavomera, tinatenga chimbudzi chatsopano kuchokera pa thewera nthawi yomweyo.

Kwa amene simunawaonepo, mfundo yake ndi yomweyi ya GeneXpert wa TB, kapena viral load, kapena DNA PCR ya makanda, kapena ija tinkayezera Covid. Makina safuna kuti kachilombo kakhale kamoyo, amangofuna kachidutswa ka DNA kapena RNA yake nkukachulukitsa kambirimbiri mpaka kaoneke. Kusiyana kwake ndi koti katiriji imeneyi imafunafuna tizilombo 22 nthawi imodzi, mabakiteriya ngati Salmonella, Campylobacter, Vibrio cholerae ndi mitundu ingapo ya E. coli, mavailasi asanu kuphatikizapo rota ndi noro, ndi tizilombo tina tinayi, Cryptosporidium, Giardia, Cyclospora ndi Entamoeba histolytica. Umathira kadontho ka chimbudzi chosungunula mu Cary Blair, kutseka, pakatha ola limodzi pepala latuluka.

Pepala linatuluka ndi mayina anayi. Shigella/EIEC, EAEC (EIEC ndi EAEC ndi mitundu ya E. coli), Giardia lamblia, ndi Clostridium difficile toxin A/B. Zina zonse 18 sizinapezeke, kolera mulibe, rota mulibe, Crypto mulibe, STEC (mtundu wina wa E. coli wotulutsa poyizoni) mulibe.

Kukangana pa raundi

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Mnzanga wachinyamata amene anali pa intenishipu atawona pepala anasangalala, nkutenga cholembera kuyamba kulemba maantibayotiki, cipro wa Shigella, flagyl wa Giardia yemwenso agwire C. diff, ndipo amafunsa ngati tingaonjezere azithro chifukwa cha EAEC. Sindimuseka ayi, kusukulu tinaphunzitsidwa kuti labu ikatchula dzina iwe upereke mankhwala ake, ndipo kwa zaka zambiri labu imatipatsa dzina limodzi kapena osatipatsa konse. Koma makinawa ali ngati munthu woti wafika pamudzi pamene pabedwa mbuzi nkungolemba mayina a aliyense wapezeka pabwalo, wakuba ali momwemo inde koma alendo ndi eni mudzi alinso momwemo. Kuweruza mlandu ndi kwa ife.

Tinayenda nawo mmodzi mmodzi.

C. difficile ndinamuchotsa msanga. Makanda ambiri amakhala naye mmatumbo osadwala, ngakhale uja wokhala ndi jini ya poyizoni, nchifukwa chake malangizo a ku America a 2017 amati mwana wosakwana chaka asamayezedwe mwachizolowezi, ndipo wa chaka chimodzi mpaka ziwiri ayezedwe pokhapokha zifukwa zina zitachotsedwa. Mnzanga uja anati koma adokotala mwanayu wamwa bactrim, si mmene C. diff amayambira. Funso labwino, koma kutsegula kunayamba masiku atatu mwanayo asanamwe bactrim, ndipo tinali ndi wina pa pepala lomwelo wofotokoza zonse bwino kuposa iyeyu.

EAEC ndi chimodzimodzi, ana a kuno ukawayeza ndi PCR amapezeka naye ambiri, odwala ndi osadwala omwe.

Giardia ndi amene tinakhalitsa pa iye chifukwa kuno flagyl timamukonda kwambiri, munthu akangoti mmimba mwalira flagyl, mpaka mmagolosale amagulitsa. Kafukufuku wamkulu wa GEMS, amene anachitika kuyambira 2007 mpaka 2011 mmalo 7, Gambia, Mali, Kenya, Manhiça ku Mozambique, India, Bangladesh ndi Pakistan, anayeza ana oposa 9,000 otsegula mmimba kwambiri nkuwafananiza ndi anzawo oposa 13,000 a mmidzi yomweyo osadwala. Giardia anapezeka kwambiri mwa ana osadwala kuposa mwa odwala. Sikuti Giardia sadwalitsa, amadwalitsa, koma matenda ake ndi ena, mimba yotupa, mpweya, chimbudzi chambiri chonunkha chamafuta, kwa masabata, ndipo kawirikawiri thupi silitentha. Wathuyu 39, kukankha, zonanda, maselo oyera. Si ntchito za Giardia zimenezo. Ndinalemba mu fayilo kuti kutsegula kukapitirira Shigella atachizidwa tidzabwerera kwa iye.

Watsala Shigella. Makina amalemba Shigella/EIEC chifukwa amafuna jini imodzi, ipaH, imene ili mwa onse awiri, sangawasiyanitse, koma kwa ife pa bedi zilibe kanthu, matenda ake ndi amodzi mankhwala ndi amodzi. Chimene ambirife tinakula nacho ndi choti Shigella ndi kamwazi, palibe magazi palibe Shigella. Si zoona. Mu 2016 anatenga zimbudzi za GEMS zomwe zija nkuziyezanso ndi PCR yowerenga kuchuluka kwa kachilombo, anapeza kuti matenda obwera ndi Shigella anali pafupifupi kawiri kuposa mmene culture inaonetsera, ndipo ambiri mwa ana amenewo chimbudzi chawo chinali chamadzi chopanda magazi, makamaka a mchaka chachiwiri ngati wathuyu. Ana amenewa buku lathu silimawaona chifukwa limafunsa funso limodzi, magazi alipo kapena ayi.

Chimene ndinachisowa pa pepala lija ndi nambala. Mmakafukufuku amagwiritsa ntchito PCR imene imapereka Ct, kuti makina azungulira kangati asanaone kachilombo, nambala ikachepa ndiye kuti kachilombo nkochuluka, ikakwera ndiye ndi totsalira chabe. Ukanakhala ndi zimenezo ukanaona kuti uyu ndi wambiri uyu ndi wongodutsa. FilmArray sapereka, amangoti chapezeka kapena sichinapezeke, ndiye Giardia wa tizidutswa tochepa ndi Shigella wodzadza thewera amalembedwa ndi zilembo zofanana. Amene alibe chizolowezi amaona ngati onse ndi olemera mofanana.

Mbali ya zosapezeka inandithandizanso, anthu amayiyiwala. STEC kusapezeka kunandimasula kupereka antibayotiki chifukwa pa iyeyo mankhwala angathe kuonjezera chiopsezo cha HUS, impso kuima. Crypto kusapezeka ndinapuma, popeza ameneyo tilibe chomuchitira chenicheni, nitazoxanide amathandiza pang'ono ndipo ku Lusaka anaonetsa kuti kwa ana a HIV sagwira, clofazimine anayesedwa kuno ku Blantyre kwa akuluakulu a HIV osaphula kanthu.

Funso limene sindinafunse

Ndisanalembe mankhwala ndinabwerera kwa amayi aja kukawafotokozera. Ndinati mayi, tapeza kachilombo kamene kamayambitsa kamwazi. Iwo anangoti kamwazi? ngati kaja anadwala mkulu wakeyu? Ndinakhala kaye chete. Kufunsitsa, mwana wawo wa zaka 4 anatsegula mmimba ndi magazi sabata imodzi wamng'onoyu asanayambe, anamugulira mankhwala pa golosale nkuchira yekha, ndipo pa mabanja anayi aja panalinso mwana wina.

Tsiku logonekedwa ndinafunsa ngati kunyumba kuli wina wodwala kolera, iwo anati ayi, ndipo ananena zoona. Funso langa ndi limene linali lopapatiza, mutu unali ku kolera. Ndikanafunsa kuti pali wina watsegula mmimba mwa mtundu uliwonse, ndikanakhala ndi mkulu wake wa kamwazi, kutentha thupi, maselo oyera, ndipo mwina tsiku lachiwiri ndikanayamba mankhwala popanda katiriji ya ndalama zambiri. Shigella amafuna tizilombo 10 mpaka 100 tokha kuti agwire munthu, safuna madzi oipa ambiri ngati kolera, dzanja la mkulu wake kugwira chikho kapena kumugawira mbatata basi zatheka. Izi zimandiwawabe pang'ono.

Chithandizo

Ciprofloxacin 15 mg pa kilo kawiri patsiku masiku atatu, pa 7.8 kg ndi pafupifupi 120 mg, tinapereka theka la piritsi la 250 mg lophwanya. Flagyl ayi, azithro ayi. Kanthu kakang'ono kamene timakaphonya mmawodi, zinc amamanga cipro mmatumbo osalowa bwino mmagazi, ndiye ndinapempha asista kuti zinc azipatsidwa masana, cipro mmawa ndi usiku, zisakumane. Kuyamwa kupitiriza, phala la Likuni pang'ono pang'ono kangapo patsiku, ORS akachita chimbudzi chilichonse. Shuga timayeza kawiri patsiku chifukwa Shigella pa mwana wosadya amagwetsa shuga komanso amakomola.

Apa PCR inatisiya tokha. Makinawa sanena ngati Shigella ameneyu amamva cipro kapena ayi, zimenezo ndi za culture, ndipo culture yathu inali itafa kale. Bactrim ndi ampicillin tikudziwa kuti Shigella ambiri anasiya kuwamva kalekale, ndipo ku South Asia cipro nayenso wayamba kukanika kwambiri, ndiye sitingangogona nkumati kuno sizifika. Ndinalemba kuti maola 48 akakwana kutentha kusanatsike tisinthe kupita ku ceftriaxone ndipo titumizenso culture, ulendo uno wonyamula athamange nayo. Ndikaona malabu ena kunja akusiya culture chifukwa PCR yabwera ndimada nkhawa, tsiku lina tidzadziwa dzina la kachilombo mu ola limodzi koma osadziwa choti nkumuphera.

Sizinafike pamenepo. Patatha maola 24 kutentha 37.8, patatha maola 48 kunali 36.9, chimbudzi ka 4, kulira pokankha kwasiya, ndipo tsiku limenelo anadya phala theka la kapu amayi ake mpaka kuyitana asista kuti adzaone. Tsiku lachisanu chiyambireni cipro chimbudzi kawiri cholimbirako, sikelo 8.0 kg, tinamutulutsa ndi zinc womalizitsa masiku 14, kalata ya ku pulogalamu ya zakudya chifukwa cha MUAC ija, ndi kolorini wa mmadzi. Tinakambirana za sopo, makamaka akatha kusintha thewera ndi kumusambitsa mkulu wake mmanja asanagwire mng'ono wake.

Kodi ndiye tizipereka maantibayotiki kwa onse a chimbudzi chamadzi

Mnzanga uja anafunsa zimenezi ndipo ndikudziwa ena mufunsanso, poti Shigella wambiri alibe magazi ndipo makina tilibe, bwanji osangomwaza azithro. Zinayesedwa. Kafukufuku wa ABCD wa WHO, Malawi analimo limodzi ndi Kenya, Mali, Tanzania, Bangladesh, India ndi Pakistan, anatenga ana oposa 8,000 a miyezi 2 mpaka 23 otsegula chamadzi amene anali otha madzi kapena onyentchera, ena azithro masiku atatu ena mankhwala opanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2021, imfa sizinasiyane. Atayezanso zimbudzi ndi PCR anaona kuti phindu limene linalipo linali makamaka kwa aja amene anali ndi bakiteriya weniweni. Ine ndimawerenga choncho, vuto si mankhwala, vuto ndi kudziwa mwana wake ndi uti. Ndipo zimene tikusowa mmaboma si katiriji ya mayina 22, mtengo wa imodzi ungagule ORS ndi zinc wa wodi yonse, tikusowa kachipangizo kotchipa ka Shigella yekha, kaya ka pa GeneXpert poti makinawo ali kale mzipatala za mmaboma chifukwa cha TB, kaya kamzere ngati ka malungo.

Pakali pano mu wodi mwathu ndinasintha zinthu ziwiri zosafuna ndalama. Funso la kunyumba timafunsa lotambasuka, pali wina aliyense watsegula mmimba masabata awiri apitawa, panali magazi. Ndipo mwana wa chimbudzi chamadzi amene kutentha kwapitirira masiku atatu, akukankha, zonanda zilipo, timamuyang'ana ngati wa kamwazi amene magazi sanaoneke, timayang'ana thewera ndi maso athu osangodalira kufunsa, ndipo chimbudzi chipite ku labu asanamwe chilichonse.

Kubweranso

Anabwera patatha masabata awiri, ulendo uno ndi bambo ake. Sikelo 8.4 kg, MUAC 12.2 cm, chimbudzi kamodzi kapena kawiri patsiku, akuyenda yenda mchipinda kugwira chilichonse. Mimba yosatupa, mpweya ayi, ndiye Giardia uja sitinamupatse kanthu mpaka lero.

Bambo aja anali atamva kwa akazi awo za makina a ola limodzi, anati adokotala tamuyezeninso pa makina aja tione ngati tizilombo tonse tinayi tatha, ndalama ndiyesetsa. Ndinawauza kuti bambo ndalamayo mugulire mazira ndi nsinjiro, makina aja amaona ngakhale mitembo ya tizilombo, DNA imatha kukhalabe mchimbudzi masabata angapo mwana atachira, tikayeza lero mwina titulutsanso mayina atatu kapena anayi omwewo nkuyamba kumumwetsa mankhwala mwana woti akusewera. Sanakhutire kwenikweni, anafunsa kawiri kuti ndiye atatu enawo muwasiya momwemo? Ndinati eya, ndipo mkulu wake tikanamuyeza mwina alinso nawo. Anagwedeza mutu nkutenga buku. Ndinawapatsa tsiku lobweranso kusikelo pakatha mwezi, ndi kuti akaona magazi, kutentha thupi kapena kutsegula kopitirira masiku atatu asadikire tsikulo.